ZA KWA MLANGIZI: Citsulo Conyezimira Cimene M'kati Mwace Muli Pulasitiki

Sabata yatha tinakambirana za kasungidwe ka cimanga, kuti anankafumbwe asatidyere thukuta lathu. Lero ndifuna tikambe za cinthu cina cimene cimadya thukuta la mlimi masana-sana pamsika. Ino ndiyo nyengo imene ambiri a inu mwagulitsa fodya, mtedza, soya ndi thonje, ndipo mulikupita ku tauni kukagula zinthu za pakhomo ndi za kudimba. Tsono cherani khutu musananyamuke.

Mwezi wathawu ndinakayendera mlimi wina wa m'dera langa, munthu wakhama amene ali ndi dimba la tomato ndi anyezi. Iye anamanga nsanja ya njerwa kumtunda kwa dimba lace, naikapo thanki la madzi, ndipo pansi pa nsanjayo anakonza nazale. Atapita ku tauni kukagula mpopi wa thankilo, wogulitsa anamuonetsa wina wonyezimira ngati galasi, nati, "Bambo, ici ncitsulo ceni-ceni, adzatsegula ndi adzukulu anu omwe." Mlimi uja analipira mtengo wa citsulo osanyinyirika. Pofika kwao anamanga mpopiwo ndi sipanala mwamphamvu kuti usadonthe, ndipo iye ndi mkazi wace anadzaza thanki tsiku lonse. Usiku womwewo mpopi unathyoka pakhosi. Madzi onse anakhuthukira pa nazale, nakokolola mbeu ya tomato ya mtengo wapatali imene inali itangomera kumene.

Nditafika anandipatsa zidutswa ziwiri za mpopiwo. M'kati mwace munali pulasitiki wotuwa, ndipo pamwamba panali kakhungu ka citsulo kamene kanalikusendeka monga khungu la njoka yofundula. Munthuyo anandifunsa nati, "Alangizi, kodi citsulo cimamera bwanji pa pulasitiki? Kapena ndi matsenga a Azungu?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndaganiza kuliyankha pano kuti nonse mumve, pakuti munthu wodziwa m'mene cinthu cinapangidwira sanamizidwa msanga.

KUKUTA CITSULO NDI CITSULO CINZACE

Tiyambe ndi nzeru yakale, ya kukuta citsulo ndi citsulo cinzace. Ambiri mumadziwa mankhwala a kopa amene timapopera tomato ndi khofi. Muli mkuwa m'mankhwala amenewo, ngakhale simuuona ndi maso. Pali mcere wina wa mkuwa umene ukasungunuka m'madzi, madziwo amakhala obiriwira monga thambo. Munthu akatenga mawaya awiri ocokera ku batire, namanga mbale ya mkuwa ku waya wa ku pulasi, ndi supuni ya citsulo ku waya wa ku mainasi, nabviika zonse ziwiri m'madzi amenewo, mphamvu ya magetsi imacotsa mkuwa ku mbale ija pang'ono-pang'ono, niupititsa m'madzi, niukhazika pa supuni. Pakapita nthawi supuni yonse yafiira, ndipo mbale ija yacepa.

Nzeru imeneyi inayamba ku Italy. M'caka ca 1800 Alessandro Volta anapanga batire loyamba, ndipo mu 1805 bwenzi lace Luigi Brugnatelli anakuta mendulo za siliva ndi golidi mwa njira imeneyi. Mu 1840 a banja la Elkington a mu mzinda wa Birmingham ku Mangalande analembetsa njira yao ku Boma, nayamba malonda akuru a masupuni ndi mafoloko okutidwa ndi siliva, kotero kuti anthu wamba anayamba kudya ndi zinthu zooneka ngati za mafumu. M'zaka za 1920 opanga magalimoto anayamba kukuta zitsulo zao ndi citsulo cina colimba cochedwa chrome, cimene cimanyezimira pa mahandulo ndi malimu a njinga zathu.

Koma pa pulasitiki pali mabvuto awiri. Loyamba ndi lakuti magetsi sayenda mwa pulasitiki. Ncifukwa cace mawaya a magetsi amakutidwa ndi pulasitiki kuti asatigwire. Ukabviika pulasitiki m'madzi aja, angakhale utalumikiza mabatire khumi, palibe cocitika. Laciwiri ndi lakuti pulasitiki ndi woterera. Yesani kumata dothi pa botolo, mudzaona kuti likauma lingogwa lokha. Cotero anzeru anayenera kupeza njira yopatsa citsulo pogwira, ndi njira yoyambira nchitoyo popanda magetsi.

PULASITIKI WOYENERA NCHITOYI

Si pulasitiki ali yense angakutidwe bwino ai. Amene agwiritsidwa nchito kwambiri achedwa ABS. Zilembo zitatuzi ziimira zinthu zitatu zosakanizidwa pamodzi, ndipo cimodzi ca izo, ca cilembo B, ndico mphira. Mphirayo siyasungunuka monse iai, koma iri timadontho ting'ono-ting'ono tomwazika m'kati mwa pulasitiki, monga nsinjiro m'ndiwo. Pulasitiki ameneyu analembetsedwa mu 1948, ndipo kampani ya Borg-Warner ya ku America inayamba kumgulitsa mu 1954. M'zaka za 1960 anthu anapeza njira yomkutira ndi citsulo cogwira zolimba, ndipo opanga magalimoto anakondwera, pakuti cinthu ca pulasitiki ncopepuka ndi cosabvuta kuumba. Lero zonyezimira zambiri za kumaso kwa galimoto, zizindikiro zace, zogwirira za zitseko, mitu ya shawa, zotsegulira mipopi ndi mabatani a mbaula ndi a wailesi ndi pulasitiki wotere.

Nchito yace ifanana kwambiri ndi ya kumunda, tsono inu alimi simudzabvutika kuimva. Tiyeni tiitsate imodzi-imodzi.

Coyamba ndi kuumba ndi kutsuka. Pulasitiki wosungunuka amamponyera m'cikombole ca citsulo, monga ticitira ndi njerwa, koma cikomboleco cimakhala cosalala koposa, pakuti kokanda kali konse kadzaoneka poyera citsulo cikabwera. Zinthuzo akaziturutsa amazipacika pa zokolekera, nazitsuka ndi sopo wamphamvu kuti mafuta onse acoke, angakhale a zala za munthu. Uku ndiko kusosa munda.

Caciwiri ndi kukumba mapando. Zinthu zija amazibviika m'madzi oopsya osakaniza asidi wa chrome ndi asidi uja ali m'batire la galimoto, otentha madigiri 60 kufikira 70, kwa mphindi monga 10. Asidiyo amadya timadontho ta mphira tiri pamwamba, nasiya pulasitiki winayo. Pamene panali kadontho patsala kadzenje, ndipo timaenje tambiri timakhala totakata m'kati ndi topapatiza kukamwa, monga mtsuko. Ndi tating'ono kotero kuti maso sangatione. Munthu angoona kuti pulasitiki wasiya kuwala. Citsulo cikadzalowa m'timaenje timeneti sicingaturukenso msanga, monga pulasitala agwira pa khoma limene mmisiri walitema-tema. Mphamvu yonse ya kugwira iri pa nchito yaciwiriyi. Akafulumira kubvuula, mapando acepa ndipo citsulo cidzasendeka. Akacedwa, pamwamba pa pulasitiki pafumbwa ndipo cidzasendekanso.

Cacitatu ndi kutsukuluza ndi mankhwala ena opha mphamvu ya asidi uja, cifukwa akatsalako pang'ono amaononga mbeu imene irinkudza.

Cacinai ndi kufesa mbeu. Mbeu yace ndi citsulo ca mtengo wapatali ca mtundu wa platinum, dzina lace palladium. Amacipera m'mankhwala kukhala tinthu tosaoneka ndi maso, kali konse kokutidwa ndi citsulo cina cofewa cochedwa tin, monga njere m'khoko lace. Tinthu timeneti timalowa m'mapando muja ndi kumamatira. Kenaka amabviika m'madzi ena ocotsa makoko aja, kuti njere ikhale poyera. Palladium wofunika ndi wocepa zedi, monga mudziwa kuti mbeu ya fodya yokwana nazale yonse sidzaza dzanja.

Cacisanu ndi kumera, ndipo apa ndipo pali cinsinsi cimene mlimi uja anaciyesa matsenga. Zinthu zija amaziika m'madzi m'mene mwasungunuka citsulo cochedwa nickel, pamodzi ndi mankhwala ofuna kucibweza kuti cikhalenso citsulo colimba. Mankhwalawo sangayambe nchito pa okha, koma pokha-pokha pamene akhudza njere ya palladium. Tsono nickel amayamba kumera pa njere iri yonse, ndipo nickel watsopanoyo amaitana mnzace, mpaka timagulu tonse takumana ndi kuphimba pulasitiki yense, monga mbatata itseka mzere. Zonsezi zicitika popanda waya kapena batire. Njira imeneyi anailengeza Abner Brenner ndi Grace Riddell, anchito a Boma la America, mu 1946. Khungu loyambali ndi lopyapyala ndithu, koma likwanira kuti magetsi ayende. Kuyambira apa pulasitiki uja angakutidwe monga supuni ija.

Cacisanu ndi cimodzi ndi mkuwa. Mwa mphamvu ya magetsi amakhazika mkuwa wofiira pamwamba, ndipo kawiri-kawiri ndiwo wocindikala koposa makungu enawo. Mkuwa uli ndi nchito ziwiri. Umafafaniza timabampu kuti pakhale posalala, ndiponso umakhala ngati nkhata pakati pa mutu ndi mtsuko. Dzuwa likatentha, pulasitiki amafufuma kasanu kapena kuposa poyerekeza ndi citsulo, ndipo kukazizira amafota comweco. Mkuwa pokhala wofewa umalola kukoka ndi kubwerera. Wopanga woumira akacepetsa mkuwa, cinthuco cikakhala padzuwa miyezi ingapo cimacita matuza ndi ming'alu.

Cacisanu ndi ciwiri ndi nickel winanso, wa magetsi tsopano. Ameneyu ndiye apatsa kuwala kwa galasi, ndiye ateteza mkuwa ku cinyezi. Zinthu za galimoto zoyenda pamvula amaziika nickel kawiri kapena katatu.

Cotsiriza ndi chrome, woyera mobiriwira pang'ono, wolimba, wosacita dzimbiri. Pakati pa nchito iri yonse ndi inzace amatsukuluza ndi madzi oyera, kotero kuti cinthu cimodzi cimabviikidwa kwambiri-mbiri ndipo ulendo wonse utenga maora angapo.

KODI KHUNGULO NDI LOCINDIKALA BWANJI?

Tengani rula wa mwana wa sukulu muone milimita imodzi. Muigawe m'maganizo magawo 1,000. Gawo limodzi lichedwa micron. Tsitsi limodzi la munthu liri ndi ma micron 50 kufikira 100. Pa cinthu copangidwa bwino, mkuwa umakhala ma micron monga 15 kufikira 25, nickel 10 kufikira 20, ndipo chrome sakwana ndi micron imodzi yomwe. Mukaphatikiza zonse, mupeza kuti pepala la nyuzi imene mwagwirayi ndi locindikala kuposa citsulo conse ca pa mpopi uja. Khungu lotere likhoza kukongoletsa, koma silingasenze katundu. Cimene cilimbana ndi sipanala ndi kulemera kwa paipi ndi pulasitiki wa m'kati yekha.

NJIRA YINA YOCHIPA

Palinso njira yaciwiri yofulumira, ndipo zinthu zambiri za pamsika zapangidwa nayo. Amapaka zinthuzo vanishi, naziika m'cimgolo cacikuru ca citsulo, napopa mpweya wonse kuuturutsa kunja. M'katimo amatenthetsa tizidutswa ta aluminiyamu, citsulo comwe cija ca mapoto, mpaka tisanduka nthunzi. Popeza mulibe mpweya woichinga, nthunziyo imauluka ndi kukamamatira pa zinthu zonse, monga mwaye pa denga la khichini. Atatha amapakanso vanishi pamwamba. Akafuna kuti cioneke ngati golidi, angothira utoto wacikasu m'vanishimo. Khungu limeneli silikwana gawo limodzi la magawo khumi a micron. Ndilo liri m'kambale kowalitsa ka m'tochi, m'nyale za galimoto ndi za njinga yamoto, pa zidole za ana, pa zibvundikiro za mafuta odzola, ndi m'kati mwa mapaketi ambiri a mabisiketi. Cifukwa cace musapukute kambale ka m'tochi ndi cala kapena nsaru. Mungouzira pfumbi ndi pakamwa, pakuti mukapukuta mucotsa citsulo comwe, ndipo tochi idzayamba kuwala ngati koloboyi.

KUMENE ZICOKERA ZITSULOZI

Mwina mudzadabwa kumva kuti zitsulo zimenezi zambiri zicokera kufupi ndi kwathu. Mkuwa ukumbidwa ku Zambia, ndipo amene anagwirako nchito ku Nkana kapena ku Mufulira adzakuuzani kuti kumeneko amayenga mkuwa ndi magetsi m'mathanki a madzi obiriwira, mwa njira yomwe ija ya supuni. Mwala wa chrome ukumbidwa ku Zimbabwe, monga ku Shurugwi kumene kale kunkachedwa Selukwe, ndipo dziko la South Africa ndilo likumba wambiri koposa maiko onse. Palladium wambiri acokera ku Russia ndi ku South Africa. Agogo athu ena anatha mphamvu zao m'migodi ya maiko amenewa. Miyala imapita kutsidya kwa nyanja pa sitima, ndipo kacigawo kace kamabwerera kuno katakhala kakhungu pa mpopi. Koma anyamata musaganize zoocha zinthu zotere kuti mupeze mkuwa wogulitsa. Mkuwa wace sukwana ndi kugula macesi, ndipo utsi wakuda wa pulasitiki ameneyu uli ndi ciphe.

KODI TSONO PULASITIKI NDI WOIPA?

Iai, sinditero. Pulasitiki sacita dzimbiri, ndi wopepuka, ndipo satentha dzanja. Pa mutu wa shawa kapena batani la wailesi agwira nchito zaka zambiri. Inu amene mumapopera thonje dziwani kuti kamlomo ka sipuleya kopangidwa ndi pulasitiki wabwino wolimba, kosanyezimira konse, kamakhalitsa kuposa ka mkuwa wacikasu, pakuti mkuwa umadyeka msanga ndi mankhwala a ufa, bowo nkukula, mankhwala nkumaonongeka. Ndiponso pali malo pamene citsulo ca pa pulasitiki cigwira nchito yeni-yeni. Mukatsegula wailesi kapena foni mudzaona kabolodi kobiriwira kokhala ndi timaboo tambiri. M'timaboomo anameretsa mkuwa mwa njira yonga ija ya mbeu, kuti magetsi adutse kucokera mbali yina kunka ku yinzace.

Colakwa ndi ici: kugula pulasitiki pa mtengo wa citsulo, ndi kumpatsa nchito ya citsulo. Taganizani za malata a nyumba. Aja ndi citsulo cokutidwa ndi zinki, ndipo zinkiyo ali ndi nchito yoletsa dzimbiri, pamene mphamvu iri m'citsulo ca m'kati. Pa mpopi uja khungu linali la maso okha. Akuru anati cikome-kome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

M'MENE MUNGAZINDIKIRE PAMSIKA

Musacite manyazi kuyesa katundu pamaso pa wogulitsa. Ndarama ndi zanu, ndipo munazipeza ndi khasu.

1. Nyamulani m'dzanja. Mkuwa wacikasu ulemera kasanu ndi katatu kuposa pulasitiki wa msinkhu womwewo. Pemphani mipopi iwiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo. Koma kulemera kokha musakukhulupirire, pakuti ena amabisa kacitsulo m'kati.

2. Gunditsani pa tsaya. Citsulo ceni-ceni cimazizira ndipo cicedwa kufunda. Pulasitiki wokutidwa amafunda nthawi yomweyo.

3. Gogodani ndi ndarama yacitsulo kapena kiyi. Citsulo cimalira kuti nge, pulasitiki angoti pho.

4. Suzumirani m'kati ndi kumbuyo, maka-maka pa mazinga, mizere ija yopota imene mumangira. Kumeneko khungu silifika bwino, ndipo mudzaona pulasitiki wotuwa, woyera kapena wakuda. Nthawi zina mupeza zilembo zija ABS zitadindidwa pamenepo.

5. Maginito asakunyengeni. Sagwira pulasitiki, komanso sagwira mkuwa. Cotero cinthu cikakana maginito simunadziwebe kanthu.

6. Ngati wogulitsa alumbira kuti ndi mkuwa, mpempheni akande pang'ono ndi msomali m'kati mobisika. Mkuwa uoneka wacikasu. Mukaona citsulo cotuwa, ndi zinki wosakaniza, amene alemera ndithu koma amathyoka ngati mbale yadothi ndipo mmisiri sangamuocerere bwino. Wogulitsa akakana kukanda, pitani sitoro yina. Mukagula, tengani risiti.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi zisanu za kuyesa zingakupulumutseni caka conse.

KASAMALIDWE KACE

Ngati muli nazo kale zinthu zotere, zikhoza kukhalitsa mukazisamala. Amai, musazikwece ndi mcenga, phulusa kapena waya wa mapoto monga mucitira ndi ziwiya zina, pakuti chrome adzatha tsiku limodzi, ndipo mudzaona cikasu ca nickel, kenaka kufiira kwa mkuwa. Sopo, madzi ndi kansaru kofewa zikwanira. Musazithire Jik kapena asidi wa m'batire. Musazisunge pamodzi ndi matumba a feteleza kapena mcere, cifukwa cinyezi cace cimaboola khungu. Petulo ndi mankhwala osungunulira penti zimafewetsa ndi kung'amba pulasitiki ameneyu. Moto ndi mdani wace wina: ABS amayamba kufewa pa madigiri monga 100, ndiko kutentha kwa madzi owira, tsono musaike zinthu zotere pafupi ndi mafuwa kapena mbaula.

Abambo, mazinga a pulasitiki amangidwa ndi dzanja. Kulungani tepi ija yoyera ya amipopi, mangani mpaka dzanja likane, ndipo mulekere pomwepo. Musakoleke ndowa pa mpopi wotere, ndipo paipi yolemera muicirikize ndi mtengo. Pa thanki, pa mgolo ndi pa paipi ya kudimba, pamene madzi akataika mbeu zionongeka, gulani mkuwa weni-weni, kapena vavu ya pulasitiki wocindikala wosanyezimira yopangidwira ulimi wothirira, imene wogulitsa sabisa kuti ndi pulasitiki.

Khungu likayamba kusendeka, cenjerani, pakuti m'mphepete mwace mumatema ngati lumo. Cidole cotere mucicotse m'manja mwa mwana. Ndiponso anthu ena khungu lao ligwirizana ndi nickel ai. Ngati ndolo, mphete kapena wochi yonyezimira ikucititsani zidzolo ndi kuyabwa pamene ikhudza thupi, bvulani, ndipo zikapitirira pitani ku cipatala.

CENJEZO LA CIPHE

Chrome wa pa cinthu cotha kupangidwa alibe bvuto, mungamgwire ndi manja. Koma asidi wa chrome uja wokumbira mapando ndi ciphe coopsya. Amaocha khungu, amaboola m'mphuno mwa anthu opuma nthunzi yace, ndipo amayambitsa khansa ya m'mapapo. Akataikira m'nthaka amalowa m'zitsime. Ku maiko a ku Ulaya, kuyambira mwezi wa September 2017 fakitale siingamgwiritse nchito popanda cilolezo capadera, ndipo ambiri alikufuna-funa mankhwala ena ofatsa. Tsono ndiri ndi mau awiri. Anyamata amene mupita ku Joni kukafuna maganyu, mukalembedwa m'nyumba yokutira zitsulo musagwire nchito popanda magolovesi, nsapato za mphira ndi cobvala kumphuno, ndipo musadyere momwemo. Inu otsala kumudzi, musagule mgolo kapena cigubu cimene simudziwa cinali ndi ciani kuti musungiremo madzi akumwa, thobwa kapena cimanga, maka-maka ngati m'kati muli madontho acikasu kapena ofiira. Kutsuka ndi sopo sikucotsa ciphe conse.

Sabata yatha ndinapitanso kwa mlimi uja. Anagula mpopi wina wa mkuwa wacikasu, wosawala konse, ndipo anandiuza akuseka kuti anayamba waugunditsa pa tsaya mpaka anthu a m'sitoro anamuyesa wamisala. Nazale anafesanso, koma wacedwa masabata atatu, ndipo tomato wace adzapsya pamene msika wadzaza ndi mtengo wagwa. Ndarama ya mpopi woyamba inali yocepa. Cimene cinampweteka ndi mbeu ndi nthawi. Zidutswa zija anandipatsa, ndipo ndiyenda nazo m'cikwama. Pa msonkhano wa kalabu yanu mundikumbutse, ndidzaziturutsa kuti ali yense azigwire ndi dzanja lace.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kuunjika manyowa a kompositi mvula isanafike. Amene muli ndi mafunso lemberani kwa Mkonzi wa nyuzi ino, ndipo amene mudziwa kuwerenga muwawerengere anzanu pabwalo madzulo. Tsalani bwino.

Ine wanu,
MLANGIZI WA ZA ULIMI